Zomwe Ndinabisa m'Maphikidwe a Keke

Kalingalinga, Lusaka
14 Okutobala

Amama anga okondedwa,

Ndikuyamba ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji ndi dzuwa la mwezi uno? Bondo lija likukulolani kufika kudimba, kapena mukungolikakamiza monga mwa khalidwe lanu? Kuno tili bwino tonse, ine, apongozi anu a Wilbroad, ndi adzukulu anu Nsama ndi Mwango. Mawu akuti tili bwinowa ndawalemba ndi mtima wonse, si a mwambo chabe ayi.

Mudabwa kuti foni ilipo koma ndalemba papepala ngati kale. Chifukwa chake ndinu nomwe. Pafoni mumayankha kuti zonse zili bwino, n'kufunsa ngati ana adya, kenako n'kunena kuti tidule tisathe tokotaimu. Pepala simungalidule pakamwa. Ndapatsira a Petros, aneba athu amene akubwera ku Katete kudzagula nsawa, ndipo ndawauza kuti alipereke m'manja mwa Ketty, asalisiye pagolosale.

Iwe Ketty mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amama. Uwerenge zonse mmene ndalembera. Ndimakudziwa, ukafika pamalo pokuchititsa manyazi umayamba kutsokomola n'kumalumpha mizere. Lero usalumphe.

Za kuno ndi zomwe zija. Malaiti akumapita mamawa n'kubwera anthu atatopa nako kudikira, ndiye a Wilbroad amangokhala pamsewu paja ndi anzawo owotcherera zitsulo, kuyang'ana mageti osamaliza. Madzi pampopi wathu akumatuluka tsiku limodzi, awiri ayi. Nsama watalika kundiposa ndipo wayamba kundikonza Chingelezi m'nyumba mwanga momwe. Mwango anagwa pampanda akuthamangitsa nkhunda za eni ake, anasupuka chigongono, koma wachira. Ine ndikadali pantchito yanga ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa a madamu aphunzitsi omwe aja, ndipo ndimayendabe wapansi m'mawa uliwonse.

Tsopano nkhani imene ndalembera kalatayi. Ngati mwaimirira khalani pansi, koma musaope, chifukwa yatha bwino.

M'mwezi wa Meyi, ndikusamba, ndinapeza kanthu kolimba m'bere langa lakumanzere. Kanali ngati nyemba, ndipo sikankapweteka. Ndinaima m'bafa muja mpaka madzi anazizira m'beseni. Nditatuluka ndinavala, n'kuwapatsa ana tiyi, n'kupita kuntchito ngati palibe chachitika. Sindinauze munthu. A Wilbroad sindinawauze, inu sindinakuuzeni, kutchalitchi sindinapemphe ndi pemphero lomwe.

Mufunsa chifukwa chake, ndiye ndinene mosabisa. Kuseri kwathu kuli amake Mwiche, amene amagulitsa tomato pamsika. Zaka zitatu zapitazo anawachotsa bere kuchipatala. Iwo ali moyo ndipo ndi ojintcha kuposa ine, koma amuna awo anasamukira kwa mkazi wina ku Mtendere chilonda chisanapole, ndipo mpaka lero azimayi akagula tomato amayang'ana pachifuwa pawo asanayang'ane pathebulo. Komanso anthu kuno amanena kuti matenda amenewa akangokhudzidwa ndi mpeni wa dokotala amadzuka n'kuthamanga thupi lonse. Ndinkaopa kufa, ndinkaopa kusiyidwa, ndinkaopanso maso a anthu. Kiliniki yathu ili pafupi ndi msika, ndipo ukakhala pamzere kumeneko nkhani imafika kunyumba iwe usanafike.

Ndiye ndinathawira m'foni. Ndikufotokozereni pang'onopang'ono, pakuti zinthu izi simuzikonda. A madamu amakonda keke, koma kuphika sadziwa. Chaka chatha anandiikira m'foni chinthu chotchedwa apu, chosungiramo nkhani za pa intaneti. Ukapeza nkhani yabwino umadina kamodzi, iyo imalowa m'menemo n'kukhala, ndipo umatha kuiwerenga pambuyo pake ngakhale ulibe bandulo. Umathanso kupaka chikasu pamzere umene wakukhudza, n'kulemba mawu akoako pambali, amene amati manotsi. Nkhanizo umaziika m'timatumba totchedwa mafoda, kalikonse ndi dzina lake. Kuntchito kuli intaneti ya m'nyumba yosalipira ine, ndiye ndinkasunga maphikidwe ndili kumeneko n'kumawawerenga kuno kukomboni.

Kuyambira sabata imene ija ndinasiya kusunga za keke. Ndikamaliza kukolopa ndinkaima kuseri kwa thanki ya madzi n'kumafufuza za zotupa za m'mawere. Nkhani iliyonse imene ndapeza, kusunga. Yolembedwa ndi madokotala, kusunga. Ya mayi wa kunja amene anachira, kusunga. Ya munthu wogulitsa masamba ochiza chilichonse, nayonso kusunga. Pofika mwezi wa Ogasiti zinali makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu.

Kumene ndinazibisa ndiye mundiseke. A Wilbroad amagwira foni yanga nthawi zina, yawo ikatha moto, kuti aone za mpira. Ndinaganiza kuti pali malo amodzi amene mwamuna ameneyu sangatsegule ngakhale atamulipira, ndiwo foda ya maphikidwe a keke. Ndiye pamwamba ndinasiya nkhani zinayi za keke yeniyeni, zonse za matenda ndinazikankhira pansi pake. Ndinadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Nkhanizo zinali m'Chingelezi, china cholimba ngati chikanga cha nyama. Mukudziwa kuti ine ndinalekera giredi naini. Ndinkati ndikapeza liwu lovuta ndilifufuze, kenako ndilembe tanthauzo lake m'manotsi m'chinenero chathu. Ndinalemba zizindikiro zonse, zoopsa ndi zosaopsa. Ndinalemba tsiku limene ndinakapeza kanthuko, ndipo Lamlungu lililonse ndinkakayeza ndi chala n'kulemba kukula kwake: nyemba, nyemba, nyemba yonenepa, nsawa. Ndinafika mpaka pogawa nkhanizo pawiri, zina ndinazitcha zabwino, zina zoipa. Mtima ukakhala m'mwamba ndinkawerenga zabwino. Ndikaona kuti ndayamba kusangalala kwambiri ndinkatsegula zoipa, kuti tsoka lisandipeze ndikuseka.

Chimene sindinkawerenga ndi ndime yomaliza. Nkhani zonsezo, kupatula ya wamasamba uja, zinkathera pa mawu amodzi, akuti pitani mukaonane ndi dokotala msanga. Ndinazolowera kuti ndikaona kuti nkhani ikupita kumapeto ndiitseke n'kukafuna ina. Ndinkadzinamiza kuti ndikuchitapo kanthu, pakuti tsiku lililonse ndinkasunga chatsopano. Ndinali ngati munthu wotola nkhuni chaka chonse osakoleza moto.

Ndinalembanso tsamba lina lotchedwa Mafunso a kwa Dokotala. Linali ndi mafunso khumi ndi limodzi, okonzedwa bwino, ndi manambala ake. Dokotala wake ndiye sindinkamudziwa, chifukwa ndinalibe tsiku lopita.

Apa mpamene Ketty akulowera. Mukukumbukira kuti mu Julayi ndinamutumizira foni yanga yakale, a madamu atandipatsa yawo imene anaisiya. Ndisanaitumize ndinaiyeretsa ndithu. Ndinafufuta zithunzi, ndinafufuta mauthenga, ndinachotsa simu khadi, mpaka ndinaipukuta ndi kansalu. Apu ija ndinaisiya dala kuti Ketty aziona za keke, poti iye amaphika masikono ogulitsa pasukulu, ndipo ndinafufutamo nkhani za matenda zimene zinali m'menemo, kapena ndinkaganiza kuti ndafufuta. Chimene sindinadziwe n'chakuti zinthu zimenezi sizikhala m'foni mwenimwenimo. Zili ngati nkhokwe imodzi ya makomo awiri. Chimene ndaika ine polowera ku Lusaka, wa ku Katete akatsegula khomo lake amachipeza. Ndinayenera kutuluka mu akaunti yanga, ndiko kutseka khomo linalo, koma palibe anandiuza, ndipo ine sindikanafunsa munthu popanda kuulula chimene ndikubisa.

Ndiye taonani nzeru zanga. Ndinabisa pamalo pamene mwamuna sangafike, n'kutumiza kiyi kwa munthu mmodzi yekha m'dziko lonse la Zambia amene amadzuka m'mawa kufunafuna maphikidwe a keke.

Ketty wandiuza pambuyo pake mmene zinayendera. Akuti anapita kuboma kukagula fulawa, anagula ndi bandulo, n'kukhala pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni kuti aone keke ya nthochi imene ndinamuuza. Foni inayamba kudzaza yokha. Anaona keke zinayi, kenako zithunzi za mawere, kenako mawu anga a nyemba ndi nsawa. Akuti anakhala pamenepo mpaka galimoto ya kumudzi inamusiya, anabwera ndi ya madzulo. Inu munamukalipira tsiku limenelo kuti wachedwa ndi macheza, ndipo iye anangovomera.

Sanandiimbire foni, ndipo anachita bwino. Akanaimba ndikanakana, ndikanati nkhanizo ndi za a madamu, ndipo tsiku lomwelo ndikanafufuza njira yomutsekera kunja. Mwana ameneyu amandidziwa kuposa mmene ndinkaganizira.

Lolemba lina kumapeto kwa Ogasiti, ndili kuseri kwa thanki kuja, ndinatsegula tsamba la mafunso kuti ndiwonjezere lina. Ndinapeza lawonjezeredwa kale. Pansi pa funso la khumi ndi chimodzi panali nambala thwelofu, ndi mawu awa: “Nanga mupita liti?”

Amama, ndinawerenga mawuwo kawiri. Ndinakhala pansi, pasimenti yonyowa, ndi yunifolomu yanga. Poyamba ndinati mwina ndinalemba ndekha mutu utasokonekera. Kenako ndinati ndi a Wilbroad, koma iwo salemba Chinyanja chowongoka chotero, amasakaniza ndi Chibemba chawo. Ndinaganiza ndi za atate anga omwe, malemu, ngakhale kuti ali moyo foni ankaigwira chozondoka. Ndinafufuta mzerewo, ndipo masiku awiri apuyo sindinaitsegule.

Lachitatu ndinalephera kupirira. Funso lija linali litabwerera, tsopano ndi mchira wake: “Nanga mupita liti, asisi? Ndine Ketty. Ndawerenga zonse, ndi mapeto omwe. Mukapanda kupita pofika Lachisanu ndiwaimbira alamu, kenako ndiuza Amama.”

Ndinapsa mtima, sindikubisirani. Kamwana kamene ndinkakabereka kumbuyo popita kuchigayo, lero kakundipatsa masiku ngati mwininyumba. Ndinalemba mawu oipa pansi pake, akuti asalowerere za akulu. Anayankha ndi mzere umodzi, kuti masiku atsala awiri. Koma pansi pa mkwiyowo, ndinene zoona, ndinapuma. Miyezi itatu ndinali ndekhandekha ndi chinthu chimenechi, ndipo tsopano panali munthu wina padziko amene akuchidziwa.

Lachinayi masana ndinapempha kuweruka msanga, n'kupita kumene a Wilbroad amagwirira ntchito. Malaiti kunalibe, anzawo anali atapita kukasewera nsolo. Ndinawapeza okha akupala dzimbiri pafelemu la chitseko. Ndinangotsegula foda ija n'kuwapatsa foni. Anayang'ana keke yoyamba, n'kundiyang'ana ine ngati ndapenga. Ndinati apitirire pansi.

Anawerenga nthawi yaitali, chifukwa iwo amawerenga ndi chala. Atamaliza anakhala pa geti limene linali logoneka pansi, n'kuvula kapusi. Mawu amene ananena ndiwalemba mmene anatulukira: “Miyezi itatu ine nenze kuganiza ati uli na mwamuna winangu. Kanshi ni matenda? Iwe Chrissie uli na mutima wokosa, mwandi.”

Wokosa kwa iwo ndi wouma. Ndiye kuti iwonso anali ndi chawo chobisa. Ankaona ndikuthawa ndi foni kuseri kwa nyumba, ndikuitembenuza akalowa, ndikuonda, ndikuwayankha mwachidule. Anali atapita kale kawiri kwa ankhoswe awo ku Matero kukadandaula, ndipo ankhoswewo anali akukonza zolembera amalume kumeneko kuti akhale pansi. Taganizani, Amama, mukanalandira uthenga woti mwana wanu wayamba zachimasomaso mu Lusaka, pamene ine ndili kalikiliki kuyeza nyemba. Ndinaseka, kenako ndinalira, pamsewu pomwepo minibasi zikudutsa.

Ndinawafunsa za amuna a amake Mwiche. Anakwiya kwenikweni. Anati ndisawayerekeze ndi chitsiru chija, ndipo anati iwo kwa atate anga sanakapemphe chiwalo chimodzi, anakapempha munthu. Zinazo sindingalembe m'kalata yopita kwa apongozi awo.

Lachisanu m'mawa anavala malaya a kutchalitchi n'kundiperekeza kukiliniki. Pamzere panali azimayi atatu a mumsewu mwathu, monga ndinkaopera. A Wilbroad anawapatsa moni mokweza mmodzimmodzi, mpaka anachita manyazi ndi iwowo. Nesi amene anationa anali mayi wachikulire wa magalasi. Atandifunsa kuti chinayamba liti, ndinatulutsa foni n'kumuwerengera tsiku lake, kukula kwake sabata ndi sabata, ndi zizindikiro zimene ndinalibe. Anavula magalasi n'kunena kuti: “Mwalemba bwino monga muli ku koleji, mayo. Manje vonse ivi mwabelenga, kubwela kuno chabe ndiye mwenze mwakangiwa?” Ankatanthauza kuti kuwerenga konseko ndinatha, kubwera kukiliniki kokha n'kumene kunandikanika. Koma anati zolembazo zimuthandiza, ndipo anakopera zina m'kalata yonditumizira kuchipatala chachikulu.

Kuchipatala chachikulu tinapita katatu. Anandiunika ndi makina, kenako anatenga kanyama kakang'ono ndi singano kuti akakayeze. Ndinamufunsa dokotala mafunso anga onse khumi ndi limodzi, ndipo anayankha onse osatopa. Ndinawonjezera la mpeni lija. Anati si zoona, kuyeza kapena kuchotsa chotupa sikudzutsa matenda, chimene chimapha anthu ambiri n'kufika mochedwa. Anati anthu amabwera chinthu chitakula kale, akamwalira abale amati wawapha ndi mpeni.

Zotsatira tinadikira milungu itatu. Imeneyo ndiyo inali milungu yaitali m'moyo wanga. Sindinasunge nkhani ina iliyonse, mphamvu zake ndinalibe. M'malo mwake tsamba la mafunso lija linasanduka bwalo lathu ndi Ketty. Ine ndinkalemba za mantha anga ndikafika kuntchito, iye ankayankha akapeza netiweki pachulu cha kuseri kwa sukulu. Tsiku lina anandilembera vesi. Tsiku lina anandilembera kuti keke ya nthochi yamukanika, yatuluka ngati njerwa, ndipo mlandu ndi wanga chifukwa ndinasunga maphikidwe a uvuni wa magetsi pamene iye ali ndi wa mgolo.

Pa 2 Okutobala tinapita kukamva. Dokotala anati si khansa. Ndi chotupa wamba chimene azimayi ambiri amakhala nacho, ndipo ndizipita miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuti azichiona. Ndinamupempha abwereze, anabwereza. A Wilbroad anamugwira chanza dokotalayo ndi manja awiri osafuna kumusiya. Titatuluka ndinamva njala imene sindinaimve chiyambire Meyi. Tinagula chinangwa chowotcha ndi nsawa pageti, n'kudya titaimirira ngati ana a sukulu. Kuchokera tsiku limenelo ndikugona tulo, ndikudya, siketi zayambanso kundigwira m'chiuno.

Ndinapitanso kwa amake Mwiche kukagula tomato, ndipo ndinakhala nawo pabenchi mpaka dzuwa linapendeka. Ndinawauza zonse. Anandiseka, n'kunena kuti zaka zitatu ndakhala ndikuwaopa ngati maliro oyenda, chonsecho akanandiperekeza tsiku loyamba lomwe. Ndinachita manyazi, chifukwa pa nkhani zonse zimene ndinasunga, munthu wodziwa zenizeni anali kuseri kwa nyumba yanga.

Pepani, Amama, kuti ndinakubisirani. Ndikudziwa mwambo, matenda a mwana wa eni amauzidwa kwawo, ndipo chikanachitika choipa mlandu ukanagwera a Wilbroad amene sankadziwa kanthu. Akulu anati ukabisa matenda maliro adzaulula. Ine Mulungu wandichitira chifundo, waulula ndi Ketty.

Iwe Ketty, imwa madzi. Apa mpamene ufune kutsokomola. Werenga, wolemba ndine, ndipo ngati pali wokalipiridwa ndi ine.

Amama, tsiku limene ndinalandira zotsatira ndinalemba patsamba lathu lija kuti ndilibe khansa. Ndinkayembekeza kuti Ketty ayankha ndi chimwemwe. Anayankhadi, koma pansi pake analemba zina zimene anazisunga milungu yonseyi kuti asandisenzetse mitolo iwiri. Akuti mu Epulo, pamene munadwala malungo iye n'kumakusambitsani, anaona chotupa kubere lanu lakumanja, chakufupi ndi kukhwapa. Atakufunsani munati ndi chithupsa chosaphulika, chakhalapo kuyambira nthawi yokolola chaka chatha, ndipo mumachithowa ndi kansalu ka madzi otentha. Munamuuza kuti asauze munthu. Iye anakhulupirira za chithupsazo, mpaka tsiku lija anakhala pansi pa mtengo kuboma n'kuwerenga manotsi anga. Pamndandanda wa zizindikiro zimene ine ndinalibe, anapezapo ziwiri zimene anaziona pa inu: kulimba kosasuntha, ndi khungu lokhwinyata pamwamba pake.

Musamukalipire. Anasunga chinsinsi chanu miyezi isanu, ndipo chamudwalitsa. Mwana wa zaka makumi awiri ndi zinayi wakhala akuphika masikono ali ndi mkulu wake kumtima kuno, mayi ake kumtima uko, osauza munthu. Ndikaganiza zimenezi ndimadziona wolakwa kawiri.

Pepaninso kuti ndikutchula thupi lanu papepala. Sindinaleredwe choncho. Sindikunena kuti ndi khansa, ine si dokotala, ndipo nkhani zanga zonse zija sizinathe kundiuza za thupi langa lomwe. Mwina n'chotupa wamba ngati changa. Mwina ayi. Ngati ayi, mwezi uliwonse umene mukuthowa ndi kansalu ndi mwezi umene tikutaya.

Pempho langa ndi limodzi. Lachiwiri pa 28 mwezi uno mupite ndi Ketty kuchipatala cha mishoni akakuoneni. Ine ndapempha kale masiku kuntchito ndipo a madamu alola. Ndikwera basi Lolemba, ndigona kwa azakhali kuboma, ndipo m'mawa mudzandipeza pageti la chipatala. Ndidzalowa nanu, ndidzakhala pambali panu, ndipo mafunso ndidzafunsa ndine ngati inu muchita manyazi. Njira yake ndaiyenda, ndikuidziwa. Singano ija imaluma pang'ono chabe, siposa ya katemera.

Zifukwa zanu ndikuzidziwa musanazinene. Munena kuti mvula yayandikira ndipo mizere sinathe. A Wilbroad alankhula kale ndi achimwene a Sydney, iwo ndi ana awo adzagwira munda wa kumtunda sabata imeneyo. Munena za mbuzi. Mbuzi sizinafepo chifukwa cha tsiku limodzi. Munena kuti sichipweteka. Changanso sichinkapweteka, ndipo dokotala anati kusapweteka si umboni wa chilichonse. Munena kuti mwakalamba kale, zili kwa Mulungu. Mulungu yemweyo ndiye anakhazika Ketty pansi pa mtengo uja.

Nkhani makumi asanu ndi limodzi zija ndazifufuta, ndasiya zitatu zokha zimene nesi anati n'zoona, ndipo ndaziika pamwamba penipeni pa foda, keke ili pansi. Imodzi ili ndi zithunzi zosonyeza mmene amayezera, kuti mudziwiretu chimene chikachitike. Ketty akuonetsani ngati mufuna. Ngati simufuna kuona, musaone, bola mupite.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, ndipo muwauze kuti kalata ya ankhoswe ikafika aikolezere moto, nkhani inatha. Moni kwa azakhali, kwa achimwene a Sydney ndi alamu anga, kwa ana onse, ndi kwa azimayi anzanu a chigwirizano. Apongozi anu akupereka moni mwaulemu, akuti chitseko chachitsulo chimene anakulonjezani chatsala kupenta. Nsama ndi Mwango akuti agogo awasungire nsawa zokazinga.

Amama, mantha a thupi langa ndinawasenza miyezi isanu ndipo ndawatula. Awa a inu sindingawathe. Bere limenelo tinayamwa ana asanu ndi mmodzi, ndiye si lanu nokha loti mungalibise. Mukapanda kufika pageti, ndikwera galimoto ya kumudzi, ndidzakhala pakhonde panu osadya osamwa, mudzi wonse ukuona, mpaka mudzatuluke mutavala chitenje cha ulendo. Kuuma mutu kumeneku mukudziwa kumene ndinakutenga.

Mulungu akusungeni mpaka tionane pa 28.

Ndine mwana wanu woyamba,
Chrissie